Zitsulo Ziwiri za Pangodya

Nkhani iyi sindinaitole m'basi ayi. Anandiuza ndi mwini wake, wometa tsitsi uja anthu amangomutcha Lumo, ndipo anandiuza lezala lili pakhosi panga, nthawi imene munthu wanzeru satsutsa. Koma nditadzuka pampando ndinakafunsanso mayi wophika buledi amene amakhala moyang'anizana naye, kenako mmisiri wowotcherera zitsulo wa kumsika, ndipo mawu a onse atatu anagwera pamodzi. Lumo si munthu wa zamizimu. Ndi munthu wa mpira ndi nthabwala zopanda mchere, ndipo akanakhala kuti akupeka, akanadzipatsa mbali yabwino kuposa imene ali nayo m'nkhaniyi.

Bambo ake anali owotcherera zitsulo, ndipo mpanda wa pakhomo pawo anauwotcherera okha asanamalize ngakhale kupaka laimu m'nyumba. Unali wa zitsulo zoimirira zamphako mkati, zogwiridwa ndi mitanda iwiri, wina m'mwamba wina m'munsi, ndi geti lolemera lomwe linkatseguka ndi chala chimodzi. Chaka ndi chaka mvula ikangosiya, mkuluyo ankatenga sipanala n'kuyamba pageti, kugogoda chitsulo chilichonse chakumunsi, khutu ataliyandikiza. Chitsulo chabwino chinkalira kuti ngwee, mawu ake n'kuyenda mpanda wonse. Chodyeka mkati chinkangoti khu. Akachipeza ankachipala ndi bulashi ya waya mpaka chiyere, n'kupaka penti wofiira wapansi, n'kudikira aume, wakuda n'kubwera pambuyo. Ankati kupaka penti pa dzimbiri n'kulifunditsa bulangeti kuti lidye mwamtendere.

Lumo ntchitoyi sankaifuna n'komwe. Ali mwana ankabisala ikayamba, ndipo atakula anasankha ntchito ya manja oyera ndi mafuta onunkhira. Bambo ake ankamuseka kuti iye amakonza mitu kunja kokha, zamkati n'kuzisiya momwemo. Ankasekera limodzi, koma mumtima Lumo zinkamubaya.

Mkuluyo atamwalira, mpanda unakhala zaka zingapo osaona sipanala. M'zaka zomwezo mutu wa amayi ake unayamba kutaya zinthu. Anayamba ndi kuiwala mpoto pamoto, kenako mayina a adzukulu, kenako anamuiwala Lumo yemwe. Banja lake linali litatha kale, choncho ananyamula zovala n'kubwerera kwawo kukawasamala. Ankawasambitsa m'manja, kuwadula zikhadabo, kuwapesa imvi zawo bwinobwino monga wodziwa ntchito, iwo n'kumuthokoza mwaulemu ngati mlendo.

"Zikomo abambo," ankatero. "Kodi simunakumane nawo amuna anga kunjaku? Achedwa."

Choopsa chinali chimenecho, kuti ankafuna kukawachingamira. Tsiku lina geti linasiyidwa losakhoma, ndipo anakapezeka kumsewu waukulu, ataima pamzere woyera wapakati, malole akuwadutsa uku ndi uku, iwo akuyang'ana nkhope ya dalaivala aliyense. Amene anawabweretsa anali munthu wosawadziwa, ndipo anamukalipira Lumo mpaka malovu kuuma. Kuyambira pamenepo geti linkakhala lokhoma usana ndi usiku, kiyi ali pachingwe m'khosi mwa Lumo. Pakati pa amayi ake ndi malole aja panatsala mpanda basi.

Ndiye anayamba kuuyang'ana mpandawo ndi maso ena, ndipo zimene anaona sizinamusangalatse. Penti anali atatukusira ngati khungu lopsa. M'munsi mwa zitsulo, pomwe madzi amakhazikika, munali mofiira. Pangodya ya kumbuyo, pansi pa mtengo womwe unkadontheza madzi nthawi yonse ya mvula, zitsulo ziwiri zinkagwedera ukazigwira.

Apa ndi pamene wometa anachita zaumeta. Anagula chitini cha penti wakuda wonyezimira, n'kuupaka mpanda wonse tsiku limodzi, osapala, osagogoda, osaika wapansi. Zitsulo ziwiri zija anazimanga ndi waya, wayayo n'kumupakanso penti kuti asaoneke. Madzulo anaima patali, manja m'chiuno, n'kudziyamikira yekha. Kunena zoona mpanda unkawala, ndipo odutsa ankamufunsa ngati wagula watsopano.

Patapita masabata angapo, tsiku lina chisisira chitangogwa, Lumo anali kukhitchini akutsuka mbale. Amayi ake anali pampando wawo wa pawindo. Kunja kunali zii, kupatula wailesi ya nyumba ina ndi mwana amene ankalira patali. Kenako anamva kulira kwa chitsulo chakugeti.

Ngwee.

Anaganiza kuti ndi ana a sukulu, amene amakonda kukwekweretsa kamtengo pampanda. Koma kamtengo kamathamanga. Izi zinkadikira kuti mawu a chitsulo chimodzi athe kaye, kenako chotsatira.

Ngwee. Ngwee. Khu.

Panakhala chete pang'ono, monga mmene munthu amaimira akamamvetsera.

"Chavunda chimenecho," anatero amayi ake, osatembenuka.

Lumo anatuluka ndi tochi, thovu la sopo likadali m'manja. Anaunika mkati ndi kunja, anaunika mumsewu mbali zonse. Panalibe munthu. Galu wa mayi wa buledi, amene amauwa ngakhale pepala louluka, anali atagona pakhomo pake, mutu uli pamiyendo, mchira ukumenya pansi pang'onopang'ono. Mumpweya munali kafungo ka chitsulo chongopalidwa kumene, kamene kamakhala ngati kakukhudza m'mano. Lumo anali atakaiwala kafungo kameneko.

Kutacha anapeza penti wake wonyezimira atasupuka m'munsi mwa zitsulo zingapo. Sanasupuke mwachisawawa. Chitsulo chilichonse chinali chitapalidwa kutalika kofanana, ngati kuchokera pachala mpaka pachigongono, ndipo pansi pake panali kamulu ka fumbi lofiira. Zitsulo zabwino sizinakhudzidwe.

Munthu akachita mantha amafuna wina womukwiyira, ndipo Lumo anasankha akuba. Anati ndi anyamata ogulitsa zitsulo zakutha, akuyesa pofooka kuti adzazule. Anawoloka msewu kukadandaula kwa mayi wa buledi, amene amadzuka anthu onse akadali m'tulo.

"Akuba opala dzimbiri?" anatero mayiyo, akupukuta ufa m'manja. "Mukawaona muwauze abwerenso kwanga, mafelemu a mawindo anga atha."

"Ndiye mukuti ndi ndani?"

Mayiyo anayang'ana mpanda, n'kutsitsa mawu. "Ine sindikuti ndi ndani, achimwene. Ndikungoti kugogoda kumeneko ndinkakumva kale, ndili wongobwera kumene mumsewu muno."

Kugogodako kunapitirira madzulo aliwonse, ndipo tsiku lililonse kunkayambira pomwe kunalekezera dzulo lake. Lumo anayesa kubisala kuseri kwa thanki ya madzi ndi chibonga. Mawu anamudutsa pafupi kwambiri moti anaona chitsulo chikunjenjemera, kachidutswa ka penti n'kugwa, koma dzanja sanalione. Chibonga chija anachiika pansi mwaulemu. Akuti mantha analipo, koma chimene chinamukulira chinali manyazi, manyazi enieni a mwana amene ntchito yake ikubwerezedwa iye akuona.

Mawa lake sanatsegule malo ake ometera. Anakafukula bulashi ya waya m'bokosi la malemu, n'kugula penti wofiira, n'kugwada. Anapala mpaka manja ake osalala aja anatuluka matuza, fumbi likulowa m'mphuno ndi m'makutu. Amayi ake anatulutsa mpando n'kukhala chapafupi, akumuonerera.

"Mumagwira bwino, abambo," anatero. "Koma amuna anga amayambira m'munsi."

Anayambira m'munsi. Anagwira ntchitoyo masiku ambiri, m'mawa uliwonse mame akauma, ndipo komwe wapala ndi kupaka bwino kugogoda sikunkabwererako. Kunkangotsogola, iye akutsatira pambuyo, mpaka onse awiri anafika pangodya ya kumbuyo.

Madzulo amenewo sikunamveke ngwee. Kunamveka khu, khu, pa zitsulo ziwiri zomanga ndi waya zija. Kenako khu, khu, kachiwiri, mwamphamvu. Kunabwereza mpaka mdima unagwira, ndipo mbale za m'kabati zinkayankha.

Lumo anamva. Pamenepo bulashi sikanathandiza, pankafunika moto. M'mawa analawirira kwa mmisiri wa kumsika, amene anaphunzira ntchito kwa malemu omwewo, ndipo mmisiriyo analonjeza kubwera ndi makina ake masana. Koma asanafike, thiransifoma ya dera lonse inaphulika, magetsi n'kuzima kuyambira kumsika mpaka kumsewu waukulu. Mmisiri anatambasula manja. Popanda magetsi makina ake anali chimtolo chabe, ndipo jenereta analibe. Lumo anawonjezera waya wina pa zitsulo zija, n'kutsamiritsapo chitseko chakale, n'kudziuza kuti nkhalamba yofooka ngati amayi ake singasunthe zimenezo.

Magetsi sanabwere tsiku limenelo, kapena lotsatira. Kugogoda nako kunasiya, ndipo chete ameneyo anamusowetsa mtendere kuposa phokoso.

Tsiku lachitatu anadzidzimuka m'mbandakucha chifukwa cha mphepo yozizira imene inkamuwomba kumapazi. M'nyumba yotseka simuyenda mphepo. Anathamangira kuchipinda kwa amayi ake. Bedi linali loyalidwa bwino, bulangeti lopindidwa, nsapato zawo za kutchalitchi palibe. Chitseko cha kukhitchini chinali pululu.

Kunja kunali chifunga. Pangodya, chitseko chakale chija chinali chitagona pansi. Waya anali atamasulidwa bwinobwino, ndi zala zoleza mtima, ndipo zitsulo ziwiri zinali zitagwera kunja mu udzu. Mpata wake unali wokwana munthu wowonda.

Iye sakanakwanapo. Anathamangira kugeti, anatsegula, anatuluka, ndipo dzanja lake linakhomanso loko palokha monga linazolowera. Anathamanga wopanda nsapato. Kumsewu waukulu malole ankatuluka m'chifunga ngati nyumba zoyenda, nyali zili psuu, osachepetsa liwiro. Anayenda m'mphepete akuitana. Analowa pakati, pamzere woyera, madalaivala akumuimbira mahutala ndi kumutukwana. Chilichonse chakuda chimene chinali pansi ankachiyandikira kuti achione. China chinali thumba. China chinali tayala long'ambika. Anafunsa mlonda wa pamalo omwetsera mafuta, anafunsa mayi wosesa, onse anapukusa mitu.

Anaitana mpaka mawu anasasa. Kenako analira, poyera, bambo wamkulu wandevu zake. Ankadziwa kuti wawapha ndi iye, ndi chitini chimodzi cha penti wonyezimira.

Kum'mawa kutayamba kuyera anabwerera kuti akadzutse anthu amuthandize kufunafuna. Atakhota kulowa mumsewu wawo anaona mayi wa buledi ataima pakati pa njira, nsalu ili kumaso. Uvuni wake wa nkhuni unkafuka kumbuyo, buledi akupserera, iye osalabadira.

"Musathamange," ananong'ona. "Yendani pang'onopang'ono."

"Amayi anga..."

"Ali mkati."

Lumo anagwira kiyi wa m'khosi mwake. Analipo.

Mayiyo anamugwira pamkono. Anamuuza monong'ona, mawu akudukaduka. Anati anatuluka kudzatenga nkhuni, ndipo anaona agogo akubwera m'chifunga kuchokera kumsewu waukulu. Ankayenda mowongoka, mmene sanayendere zaka zambiri. Mkono wawo wamanzere unali wopindika, chigongono chili m'mwamba pang'ono, monga amachitira munthu amene wina wamukolowekera dzanja. Ankalankhula. Ankadikira yankho. Kenako ankaseka, kuseka kwa mtsikana. Mbali imeneyo kunalibe munthu, koma chifunga chinkapatuka malo a anthu awiri.

Mayiyo anawatsatira chapatali mpaka kungodya ya kumbuyo. Agogowo atafika pampata paja anawerama, ndipo mutu wawo unatsika ngati pali chikhatho chouteteza kuti usagunde mtanda. Analowa. Galu anadzuka n'kukaima pafupi, mchira ukugwedera.

"Kenako zitsulo zinadzuka," anatero mayiyo. "Mu udzu muja. Chimodzi, kenako chinzake."

Zitatero kunabwera kuwala. Kunali kobiriwira moyera, kothwanima, kumene aliyense wokhala pafupi ndi owotcherera amakudziwa. Kunaunika mtengo, khoma, ndi chifunga chonse mpaka m'mwamba. Mbaliwali zinkagwa pansi n'kumadumpha. Kunkamveka kuthetheka, ngati mafuta a m'chiwaya. Panalibe makina. Panalibe nthambo. Dera lonse linali mumdima, ndipo ngodya imodzi yokhayo inkawala ngati masana.

"Ndinayang'ana," anatero. "Ndikudziwa kuti sayang'ana, koma ndinayang'ana."

Maso ake anali ofiira, akutuluka misozi. Masiku awiri otsatira anakhala m'nyumba atamanga nsalu yonyowa kumaso, akuti munkamveka ngati mwathiridwa mchenga, ndipo a kuchipatala anamufunsa kuti ankaonerera ndani akuwotcherera. Mmisiri wa kumsika naye anabwera magetsi atayaka. Anagwada pangodyapo nthawi yaitali, akuyendetsa chala pa mfundo zake. Anati chitsulo chodyeka chotero sichigwira moto, chimangobooka, ndipo iye akanayenera kudula n'kuikapo chatsopano. Anati dzanja limene linayala mfundo zimenezo akulidziwa, chifukwa linamumenyapo khofi ali wophunzira. Anavula chipewa, n'kubwerera ndi makina ake osawatsitsa n'komwe pa wilibala.

Koma zimenezo zinali za pambuyo. M'mawa umenewo Lumo anayenda yekha kutsata mpanda chakunja. Fungo linamupeza asanafike, fungo la chitsulo chopsa ndi utsi wowawa uja unkakhala m'malaya a bambo ake. Udzu wa pangodya unali ndi timadontho takuda topserera. Zitsulo ziwiri zinali chilili m'malo mwake, zowongoka. M'munsi ndi m'mwamba munali mfundo zatsopano, zosalala, zotuwa mobiriwira. Dontho la mame linagwa kuchokera mumtengo n'kutera pa imodzi. Linati tsii, n'kusanduka nthunzi.

Kuseri kwa zitsulozo, pa chitseko chakale chija, panali patakhala amayi ake. Anali atavala nsapato za kutchalitchi, zonyowa, zomatira udzu. Manja anali pamiyendo. Nkhope yawo inali yodekha ngati ya munthu amene wafika kumene ankapita.

Lumo anatambasula dzanja kuti agwire chitsulo, aone ngati n'zoona.

"Usakhudze, mwana wanga," anatero amayi ake. "Upsa."

Dzanja linaima m'malere. Anawayang'ana, iwonso anamuyang'ana, ndipo m'maso mwawo munalibe ulemu uja wopatsa mlendo. Ankamuyang'ana mmene mayi amayang'anira mwana wake amene watuluka m'mawa wopanda nsapato.

"Amayi, mwandidziwa?"

"Ndikulekerenji kukudziwa? Taona mapazi akowo." Anapukusa mutu. "Bambo ako akuti ndisamapitenso kumsewu. Akuti iwo sachedwa, amakhala pompano."

Lumo anagwada mu udzu wonyowa, kunja kwa mpanda wa kwawo. Akuti sanaone kanthu, sanamve liwu lililonse, koma mbali yake ya kumanja kunali kofunda, monga kumakhalira ukaima pafupi ndi munthu amene wangomaliza ntchito yolemetsa. Sanatembenuke. Anaona kuti si bwino kutembenuka.

"Dzuka," anatero amayi ake. "Munthu wagwira ntchito. Kapereke madzi asambe m'manja."

Anadzuka, anazungulira kugeti, anatsegula ndi kiyi wake. Anatenthetsa madzi pa mbaula, n'kuwathira m'beseni loyera, n'kutenga sopo watsopano ndi thaulo. Anakaziika pangodya paja, pansi pa mtengo, ndipo anapezeka kuti wagwada poziika, mmene ankachitira ali mwana. Kenako anawagwira amayi ake pamkono n'kulowa nawo m'nyumba. Anawavula nsapato, anawapukuta mapazi, anawafunditsa. Asanagone anamugwira tsaya n'kumuuza kuti waonda.

Pofika masana anali atayambanso kumutcha abambo, ndipo mpaka lero sanamudziwenso. Koma kumpanda sapitako. Amakhala pawindo, osafunsa za munthu wochedwa, ndipo geti likatseguka satembenuka n'komwe.

Dzuwa litatuluka m'mawa umenewo, Lumo anapita kukatenga beseni lija. Pabwalo panalibe amene analowa, pakuti geti anali atakhoma. Thaulo linali lopachikidwa pa mtanda wa mpanda, lonyowa pakati. Sopo anali ndi thovu. Madzi anali akuda bii, ndipo pansi pa beseni panali patadikha fumbi lofiira.